Mbiri ya Sikelo Yoyesa Tinthu Tosaoneka ta M'magazi

Lero tisiya pang'ono za m'munda kuti tikambe za magazi. Ambiri a inu mudaonapo anthu a chipatala atafika m'mudzi ndi timabotolo ndi bokosi la madzi oundana, napempha kwa mfumu ndi kwa makolo kuti atenge magazi pang'ono kwa ana. Akatenga sakhalitsa. Ngakhale thobwa amakana, nathamangira ku galimoto. Otsala m'mudzi amafunsana kuti magaziwo ali kupita nawo kuti, ndipo liwiro lotere n'lachiyani. Funsoli limagwera mfumu, ndipo mfumu ikasowa choyankha mabodza amalowa. Mukumbukira kuti m'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo.

Magazi otengedwa chotero amayesedwa m'njira zambiri. Ine ndikamba imodzi yokha, imene ili yovuta koposa, ndi mbiri ya m'mene anthu anaipezera.

Mukapha mbuzi ndi kusiya magazi m'mbale kuti muphike uwende, mumaona kuti akagwirana pamatuluka madzi achikasu m'mbali. Kuchipatala amathira mankhwala oletsa kugwiranako, nazunguza botolo pa makina kufikira zofiira zonse zitakhala pansi. Madzi achikasu otsala pamwamba amatchedwa plasma, ndipo amaposa pang'ono theka la magazi onse. M'madzi amenewa muli mapuloteni a mitundumitundu. Puloteni mungaiyerekeze ndi mkanda wotungidwa pa ulusi. Mikanda yake ili ya mitundu 20, dzina lake ma amino acid, ndipo puloteni iliyonse ili ndi katungidwe kakekake. Ulusi ukakhala wautali, wa mikanda mazanamazana, ndiyo puloteni. Ukakhala waufupi, wa mikanda yosapitirira 50 kapena pamenepo, umatchedwa peptide. Dzinali analipereka Emil Fischer wa ku Berlin m'chaka cha 1902.

Timaulusi tatifupiti ndito amithenga a m'thupi. Inu oweta ng'ombe mudziwa kuti ng'ombe ina sitsitsa mkaka kufikira mwana wake atayamba kuyamwa. Chimene chimachitika n'chakuti mwanayo akagwira bere, m'mutu mwa make mumatuluka peptide ya mikanda 9 yotchedwa oxytocin, niyenda ndi magazi kukauza bere kuti litsegule. Yomweyo ndiyo imalimbitsa chiberekero cha mayi pobereka. Vincent du Vigneaud wa ku New York anawerenga mikanda yake naitunga yekha m'chaka cha 1953, ndipo lero azamba amaibaya kwa amayi kuti asataye magazi ambiri akachira. Inanso ndi insulin, imene ichokera m'kapamba ndi kulamulira shuga. Frederick Banting ndi Charles Best anaipatula ku Toronto mu 1921, koma panapita zaka zoposa 30 kuti Frederick Sanger wa ku Cambridge atsirize kuwerenga mikanda yake yonse 51 mu 1955.

Tsono vuto nali. Amithengawa ndi ochepa zedi. M'lita imodzi ya plasma muli magalamu 40 kapena pamenepo a puloteni yaikulu yotchedwa albumin. Insulin ya munthu amene wagona osadya imachepa kuposa pamenepo nthawi zoposa 100,000,000. Chiwerengero chotere sichimveka m'khutu, choncho tiyese ndi chimanga. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi maso a chimanga pafupifupi 150,000. Khuthulani matumba oposa 600 pabwalo, muponyemo diso limodzi lofiira, musakanize, muuze munthu kuti alipeze. Ndiyo ntchito yake imeneyo. Ndipo diso lofiiralo silidikira. M'magazi muli mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kudula amithenga akangopereka uthenga, kotero kuti insulin imatsala theka m'mphindi zowerengeka, ndipo ena satha ngakhale mphindi imodzi.

Poyamba panalibe njira yoonera tinthuti. Akatswiri ankangofunsa nyama. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, Maurício Rocha e Silva anasakaniza ululu wa njoka yotchedwa jararaca ndi madzi a m'magazi, nathira pa kachidutswa ka matumbo a mbira kolenjekeka m'madzi amchere. Katumboko kanafinyika pang'onopang'ono. Potero anadziwa kuti ululuwo wamasula chinthu china m'magazi, ndipo mu 1949 anachitcha bradykinin. Nayonso ili ya mikanda 9, ndipo m'thupi imatha theka la mphindi lisanakwane. Kufufuza kwa ululu womwewo ndiko kunabala captopril, mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene analoledwa mu 1981. Njoka imene mlimi wa ku Brazil amaiopa m'munda inathandiza odwala a dziko lonse.

Njira yofunsa nyama inali yochedwa, ndipo inkadya nyama zambiri. Mu 1957 ku Bradford m'dziko la England kunali mlandu wa munthu amene anapha mkazi wake pomubaya insulin. Kuti bwalo la milandu likhulupirire, akatswiri anafinya mnofu wa pamene panali mabala a singano, nabaya madzi ake mbewa zambirimbiri zoweta, ndi kuona ngati zikomoka monga zimachitira zikabayidwa insulin. Mlandu unamugwira munthuyo, koma inali ntchito ya masabata ambiri pa funso limodzi.

Zinthu zinasintha ndi anthu awiri amene ankagwira ntchito pa chipatala cha asilikali opuma ku Bronx mu mzinda wa New York, mayi Rosalyn Yalow ndi dokotala Solomon Berson. Iwo anaona kuti thupi la mbira likabayidwa insulin ya nyama ina limapanga puloteni yogwira insulin, imene itchedwa antibody. Anaphunzira kugwiritsa ntchito antibody ngati galu wosaka, ndipo mu 1959 ndi 1960 anaonetsa kuti angathe kuyesa insulin m'kadontho ka plasma ya munthu. Sanafune kugulitsa nzeruyo, anaisiya kuti aliyense aigwiritse ntchito. Berson anamwalira mu 1972, ndipo Yalow analandira mphoto ya Nobel mu 1977. Kufikira lero mayeso ambiri a m'zipatala ndi zidzukulu za njira yawo.

Koma galu ali ndi chilema chake. Mukamphunzitsa fungo la munthu mmodzi, angathe kuuwanso mbale wake wa bere limodzi. Antibody imagwira peptide yamoyo, imagwiranso zidutswa zake zodulidwa kale, nthawi zina ndi chinthu chachilendo chongofanana nayo. Pa oxytocin zinafika pochititsa manyazi: akatswiri ena oyesa plasma yosasefa ankapeza chiwerengero choposa kakhumi, penanso kazana, cha anzawo amene ankayamba asefa. Panafunika njira ina yosadalira fungo, yotenga kanthuko ndi kukaika pa sikelo.

Sikelo yotero inalipo kale, koma inabadwira ntchito ina. Tibwerere m'mbuyo ku Cambridge, kwa J. J. Thomson ndi womthandiza wake Francis Aston. Kuti mumve chimene anachita, kumbukirani m'mene amayi amauluzira mpunga kapena mawere tsiku la mphepo. Amakweza lichero nakhuthula pang'onopang'ono. Maso olemera amagwa pafupi, mphwepwa zimagwa patsogolo pake, mankhusu amapita kutali. Palibe amene wayesa diso lililonse, koma pamene lagwera pakuuzani kulemera kwake. Thomson anachita chomwecho ndi mpweya. Anatenga chubu cha galasi chopopedwa mpweya wonse, nalowetsamo mpweya pang'ono wa mtundu umodzi, naupatsa mphamvu ya magetsi kuti tinthu take tithamange. M'malo mwa mphepo anaika maginito ndi magetsi okhotetsa njira. Topepuka tinkakhota kwambiri, tolemera pang'ono, ndipo tonse tinkasiya zipsera pa galasi lojambulira zithunzi.

Cha m'ma 1912 ndi 1913 anayesa mpweya wotchedwa neon, ndipo m'malo mwa chipsera chimodzi anapeza ziwiri, china pa 20 china pa 22. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inadukiza ntchito. Itatha, mu 1919, Aston anamanga makina abwino koposa natsimikiza kuti neon ili ndi maatomu a mitundu iwiri, ofanana m'zochita zonse koma osiyana kulemera, monga mapasa amene wina anenepa pang'ono. Anapeza mapasa otere oposa 200 m'zinthu zosiyanasiyana, nalandira mphoto ya Nobel mu 1922. Musaiwale za mapasawa, pakuti tikumana nawonso. Makina a mtundu umenewu ndiwo lero atchedwa mass spectrometer.

Pa nkhondo yachiwiri makinawa anapeza ntchito ku America, m'mafakitale oyenga petulo ndiponso polekanitsa uranium wa bomba limene linagwa ku Hiroshima mu 1945. Za magazi sanathandize konse. Chifukwa chake n'chapafupi: simungauluze chinthu chimene sichiuluka. Petulo mukamsiya padzuwa amasanduka mpweya yekha. Peptide mukaitenthetsa kuti iuluke imapserera monga shuga pa chiwaya, ndipo chofika pa sikelo ndi makala. Kwa zaka zoposa 40 akatswiri analimbana ndi khoma limeneli. Klaus Biemann wa ku MIT anayamba mu 1959 kusintha timapeptide tating'ono ndi mankhwala kuti tiuluke, ndipo zinatheka, koma inali ntchito ya masiku ambiri yofuna katundu wochuluka. Mu 1981 Michael Barber wa ku Manchester anasungunula peptide m'kadontho ka glycerol naliwomba ndi maatomu othamanga, ndipo mapeptide ena anadumpha ali athunthu. Khoma linang'aluka, koma linali lisanagwe.

Amene analigwetsa anali nkhalamba. John Fenn anabadwa mu 1917, ndipo kwa zaka zambiri ankaphunzira za mpweya wotuluka mwamphamvu pa kabowo, osati za magazi. Ali pa yunivesite ya Yale anatola ganizo limene Malcolm Dole analiyesa mu 1968 nalisiya. Inu olima thonje mudziwa m'mene mpope wopopera mankhwala umasandutsira madzi kukhala nkhungu. Fenn anapopa madzi okhala ndi peptide kudzera m'kasingano kopatsidwa magetsi amphamvu zedi. Madziwo ankatuluka ngati nkhungu, kadontho kalikonse katasenza magetsi. Kadontho kakamauma kamachepa, magetsi ake napanikizana kufikira kataphulika kukhala timadontho tochepa koposa, ndipo itonso chimodzimodzi, mpaka madzi onse atatha. Chotsala ndi peptide yokha ili m'malere, yathunthu, yosapsa, itasenza magetsi okwanira kuti makina aikoke. Iye ndi Masamichi Yamashita analengeza njirayi mu 1984, ndipo mu 1988 anaonetsa kuti ngakhale mapuloteni akuluakulu amauluka chotero. Nthawi imeneyo n'kuti atakwanitsa zaka 70, msinkhu umene malamulo a pa yunivesitepo ankati munthu apume, ndipo anali atamchepetsera malo ogwirira ntchito. Mwini wake ankati wapatsa njovu mapiko. Njirayo itchedwa electrospray.

Ku Kyoto m'dziko la Japan kunali mnyamata wa zaka 25, Koichi Tanaka, injiniya wa kampani ya Shimadzu. Mu 1985 anasakaniza molakwitsa glycerol ndi ufa wa cobalt. Ufawo unali wodula, ndipo anachita nawo chisoni kuutaya. Anauyesa momwemo, nawomba ndi kuwala kwa laser, ndipo patapita nthawi chisakanizocho chinaulutsa mapuloteni athunthu. Pa zaka zomwezo Michael Karas ndi Franz Hillenkamp a ku Germany anapeza njira yawo ya laser yotchedwa MALDI. Mu 2002 Fenn, ali ndi zaka 85, ndi Tanaka, ali ndi 43, analandira mphoto ya Nobel. Awiri a ku Germany aja sanaitanidwe, chikhalirecho njira ya laser imene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri ndi yawo. Ine ndiona kuti mlandu umenewo ukadafika pa bwalo la mfumu yakwathu, mbuziyo ikadagawidwa mwina.

Tsono peptide inauluka, koma musaiwale matumba 600 aja. Mukathira plasma yosakonza m'makinawa, albumin ndi mchere zimadzaza njira yonse, ndipo kamthenga kaja sikaoneka. Choncho ntchito yaikulu ili pa kusankhula makina asanayambe. Poyamba amathira mankhwala ogwiranitsa mapuloteni akuluakulu kuti akhale pansi, monga mandimu amadulira mkaka. Pano pali msampha, pakuti mapeptide ena amakwera pamsana pa albumin ndipo amatayidwa nayo pamodzi. Enanso amamatirira ku khoma la botolo. Madzi otsala amawapititsa m'kachubu kodzaza ndi timchenga tosalala, mmene tinthu tina timachedwa tina timafulumira, kotero kuti timatuluka pamzere monga ng'ombe pa dibi. Kalikonse kali ndi nthawi yake yotulukira, ndipo kakatuluka kamalowa m'kasingano ka Fenn.

Kulemera kokha sikukwanira kutchula dzina. Mikanda yomweyo mukaitunga mosinthanitsa, ulusi uwiriwo ulemera chimodzimodzi. Chitsanzo chake ndi insulin ina ya m'botolo yotchedwa lispro, imene isiyana ndi ya m'thupi pa mikanda iwiri yokha yosinthana malo. Pa sikelo zili zofanana ndithu. Nzeru yothetsa ichi inakula ndi Richard Yost ndi Christie Enke a ku Michigan cha m'ma 1978, amene analumikiza masikelo awiri, pakati pake naika chipinda chophwanyira. Sikelo yoyamba imalola tinthu ta kulemera kumodzi kokha. Tikalowa m'chipinda timawombana ndi mpweya, ulusi nuduka. Sikelo yachiwiri imayesa zidutswa. Ulusi wotungidwa mosiyana umaduka mosiyana, ndipo potero dzina limadziwika. Mlandu wonga wa ku Bradford lero sufuna mbewa, ndipo makina angathe kunena ngati insulin ya m'magazi ili ya mtundu wosinthidwa wa m'botolo. Othamanga ndi akavalo a mpikisano amene abayidwa mapeptide oletsedwa amagwidwa mwa njira yomweyi.

Chatsala ndi kudziwa kuchuluka kwake, popeza zina zimatayika m'njira. Apa ndipo mapasa a Aston amabwereranso. Akatswiri amatunga peptide yofanana ndi imene ali kuifuna, koma ndi maatomu olemera pang'ono aja. Amathira muyeso wodziwika wa mapasa olemerawo m'plasma ntchito isanayambe. Mapasawo amayenda limodzi ndi anzawo, kumatirira kumene anzawo amatirira, kutayika kumene anzawo atayika, koma pa sikelo amagwera padera. Zili ngati kusakaniza mbuzi 10 zopakidwa utoto m'gulu losawerengeka. Madzulo zikabwera 5 zautoto, mudziwa kuti theka la gulu lonse latsala kuthengo.

Makinawa atafala anthu anasangalala mopitirira. M'mwezi wa February 2002 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet inasindikiza ntchito ya akatswiri a ku America onena kuti angathe kuzindikira khansa ya m'thumba la mazira la amayi poona mizere ya makina m'kadontho ka magazi. Anati anazindikira odwala onse 50, ndipo mwa amayi 66 opanda khansayo analakwitsa pa atatu okha. Sanadziwe maina a mapeptide amene anapanga mizereyo, ndipo anati kudziwa maina sikofunika. Khansa imeneyi imapha chifukwa imadziwika mochedwa, choncho chiyembekezo chinali chachikulu, ndipo kampani ina inakonzeka kugulitsa mayesowo. Koma Keith Baggerly ndi Kevin Coombes a ku Houston, anthu a masamu, anatenga ziwerengerozo naziwerenganso. Mu 2004 anaonetsa kuti kusiyana kwambiri kunachokera ku kayendetsedwe ka makina ndi kasamalidwe ka mabotolo, osati ku matenda. Zili ngati kuyesa fodya wa mudzi wina m'mawa ali ndi chinyezi, wa mudzi wina masana atauma, ndi kunena kuti mudzi woyambawo uli ndi alimi abwino. Mayeso aja sanafike m'zipatala.

Pambuyo pake kunadziwikanso kuti mapeptide ambiri opezeka m'botolo sanali m'thupi la munthu konse. Anabadwira m'botolo momwemo. Magazi akatuluka m'mtsempha, mapuloteni odula aja saleka ntchito. Amapitiriza kudula amithenga enieni, ndi kudulanso mapuloteni akuluakulu kukhala zidutswa zatsopano. Botolo limene lakhala maola atatu pa kutentha kwa ku Chikwawa silinenanso zimene zinali m'thupi la mwana. Apa mwaona chifukwa chake a chipatala aja amakana thobwa. Ayenera kuziziritsa botolo, kulemba nthawi, kukalizunguza msanga, ndi kuumitsa plasma m'firiji yozizira kufika madigiri 80 kunsi kwa ziro. Ndipo magazi ofunika ndi ochepa. Kasupuni ka tiyi ndi mamililita 5, pamene munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5, ndiko kuti masupuni 1,000. Pa kasupuniko makina amafuna madontho owerengeka. Makina amodzi mtengo wake uposa wa malole angapo atsopano, ndipo amafuna magetsi osazima, n'chifukwa chake mabotolo ena amayenda ulendo wautali, ngakhale kunja kwa dziko, ali oundana. Pa kafukufuku palibe amene aloledwa kutenga magazi a munthu popanda chilolezo cha mwini wake kapena cha kholo la mwana. Mfumu ili ndi ufulu wofunsa chimene akayese, kumene akayesere, ndi tsiku limene adzabwere kudzanena zimene apeza.

Nditsirize ndi peptide imodzi imene ikhudza ana athu. Nonse mudziwa mwana wotuwa m'manja ndi m'zikope, amene kuchipatala amati magazi achepa. Thupi limapanga magazi ofiira ndi ayironi, ndicho chitsulo chosungunuka chimene timadya m'nyama, m'nyemba ndi m'masamba. Kwa zaka zambiri nzeru inali yakuti mwana wotere, ngakhale mwana aliyense, apatsidwe mankhwala owonjezera magazi. Pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, kumene malungo anali ochuluka, anayesa nzeruyi pa ana pafupifupi 24,000. Kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006: ana olandira ayironi ndi folic acid anagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo ndi 12 pa 100 alionse. Mankhwala opatsa moyo anavulaza ana ena, makamaka amene sanali kusowa ayironi.

Mbali ya yankho inali itapezeka kale, koma anthu anali asanailumikize. Mu 2000 akatswiri a ku Hannover anapatula kapeptide ka mikanda 25 m'madzi osefedwa a magazi, ndipo mu 2001 Tomas Ganz ndi anzake a ku Los Angeles anakapeza m'mikodzo nakatcha hepcidin. Kamapangidwa m'chiwindi. Chaka chomwecho a ku France anaona kuti mbewa zosowa hepcidin zimadzaza ayironi m'thupi mpaka kudwala. Hepcidin ndiye mlonda wa pa chipata. Akachuluka, matumbo amatseka khomo ndipo ayironi wa m'chakudya salowa. Akachepa, khomo limatseguka. Malungo ndi matenda ena akalowa, thupi limachulukitsa hepcidin dala kuti tizilombo tisowe ayironi, pakuti nato timamfuna kuti tiswane. Kumwetsa ayironi mwana wa malungo kuli ngati kuthira chimanga pakhomo la nkhokwe yotseka, akuba ali pomwepo.

Kuyesa hepcidin kunavuta poyamba. Kapeptideka n'kakang'ono, kopindika, ndipo kafanana kwambiri mwa anthu ndi nyama, kotero kuti kupeza antibody wabwino kunatenga zaka. Komanso m'magazi mumayenda zidutswa zake za mikanda 22 ndi 20, zimene sizigwira ntchito ya ulonda koma galu angaziuwe. Mayeso oyamba odalirika anachokera pa sikelo ija, ku Nijmegen m'dziko la Netherlands ndi ku Japan, cha m'ma 2005 ndi 2006, pakuti pa sikelo 25 ndi 20 sizigwera pamodzi. Ku Gambia anaonetsa pambuyo pake kuti hepcidin wa mwana ndiye amanena bwino koposa ngati ayironi amene wamwa alowadi m'magazi. Lero bungwe la zaumoyo la dziko lonse limalangiza kuti kumene kuli malungo, ayironi aperekedwe kwa ana pamodzi ndi chitetezo cha malungo, ndiko kuti masikito, kuyezetsa msanga ndi mankhwala.

Ana a kuno kwathu nawonso ali m'mbiri imeneyi. Ku Blantyre ndi ku Chikwawa madokotala anafufuza ana 381 amene anafika kuchipatala magazi atachepa koopsa, nawayerekeza ndi ana ena. Zotsatira zinatuluka mu 2008, ndipo zinadabwitsa ambiri. Kusowa ayironi sikunali gwero lalikulu. Zimene zinayenda limodzi ndi vutolo zinali malungo, tizilombo ta m'magazi, njoka za m'mimba zoyamwa magazi, kachilombo ka HIV, ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Magazi ena a ana omwewo anayesedwa hepcidin mothandizana ndi akatswiri a ku Nijmegen aja, ndipo mu 2013 kunalengezedwa kuti ambiri a iwo anali ndi hepcidin wochepa, ngakhale anali ndi matenda amene akadayenera kumkweza. Magazi akachepa kufika pamenepo, mfuu ya mafupa yopempha ayironi imaposa lamulo la mlonda, ndipo thupi limatsegula chipata ngakhale akuba ali pafupi.